EMILY HOBHOUSE, BWENZI LA AKAZI NDI ANA A M'MISASA

Pakati pa anthu amene mbiri yao iyenera kukumbukika pali mkazi wina wa ku England, dzina lace Emily Hobhouse. Sanali mfumukazi kapena nduna ya boma. Ngakhale mphamvu ya kusankha aphungu a Nyumba ya Malamulo analibe, pakuti masiku amenewo akazi a kwao sanaloledwe kutero. Koma pamene boma lace linacita nkhondo kudziko lakutali, nilibisa zoipa zocitika kumeneko, iye anamuka kukaona ndi maso ace, nabwera kudzazinena poyera. Anthu a mtundu wace anamnena kuti ndiye wopereka dziko, koma cifukwa ca mau ace ana ambiri anapulumuka ku imfa.

UBWANA WACE

Emily anabadwa pa 9 Epulo 1860 m'mudzi waung'ono wa St Ive, m'cigawo ca Cornwall. Atate ace, Reginald Hobhouse, anali mbusa wa Mpingo wa Anglican m'mudzimo. Amai ace anamwalira iye ali wa zaka 20, ndipo kuyambira pamenepo anakhala pakhomo kusamala atate ace odwaladwala ndi kuyendera aumphawi, kufikira nkhalambayo inamwalira m'caka ca 1895. Atamasuka cotero anaoloka nyanja kumka ku Minnesota, m'dziko la America, kukathandiza anthu a ku Cornwall ogwira nchito m'migodi, amene ambiri a iwo anali kuonongeka ndi mowa. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mwamuna wina, koma ukwati sunacitike, ndipo ndarama zace zambiri zinatayika pa pulazi imene anagula ku Mexico. Anabwerera ku England m'caka ca 1898, wosakwatiwa ndi wosadziwika.

NKHONDO YA ANGELEZI NDI MABUNU

M'caka ca 1886 kunapezeka golidi wocuruka pamalo pamene lero pali mzinda wa Johannesburg, kumene amuna ambiri a kuno anakagwira nchito, kuja amati ku Joni. Malowo anali m'dziko la Transvaal, limene Mabunu anadzilamulira okha pansi pa Pulezidenti Paul Kruger. Angelezi ambiri anakhamukira ku migodiyo, ndipo panabuka mkangano wa ufulu wao m'dzikomo. Joseph Chamberlain, nduna yoyang'anira maiko a pansi pa Britain, ndi Sir Alfred Milner, kazembe wa ku Cape, anaumirira pa mlanduwo, pakuti anafuna kuti dziko lonselo likhale pansi pa mbendera yao. Nkhondo inayamba pa 11 Okutobala 1899, ndipo dziko lina la Mabunu, la Orange Free State, linaima pamodzi ndi Transvaal. Limeneli ndi dziko lija kunacokera amishoni amene anayamba Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka comweco.

Ku England anthu ambiri anayesa kuti nkhondo idzatha Khrisimasi isanafike. Sizinatero ai. M'sabata imodzi ya Disembala 1899 asilikali a Britain anagonjetsedwa katatu, ku Stormberg, ku Magersfontein ndi ku Colenso. Boma litatumiza magulu ena ocuruka, analanda Bloemfontein m'Malichi 1900 ndi Pretoria m'Juni. Pamenepo boma la Lord Salisbury, poona kuti anthu akondwa, linaitana masankho, nilipambana pouza anthu kuti nkhondo ili pafupi kutha. Koma Mabunu sanagonje. Anagawikana timagulu ta apakavalo pansi pa Louis Botha, Christiaan de Wet ndi Koos de la Rey, namenya nkhondo ya cizembera, nalandira cakudya ku mapulazi ao.

Tsono akuru a nkhondo a Britain, poyamba Lord Roberts ndi pambuyo pace Lord Kitchener, analamula kuti mapulaziwo atenthedwe. Nyumba ngati 30,000 zinapsa, mbeu zinaonongedwa, ng'ombe ndi nkhosa zinaphedwa kapena kulandidwa. Akazi ndi ana otsala opanda pogona anatengedwa pa ngolo ndi pa sitima kumka nao ku misasa ya mahema. Boma linauza Nyumba ya Malamulo kuti misasayo ndi malo othawirako, ndi kuti anthuwo akhalamo mwa kufuna kwao.

Ku England kudandaula kunayamba kukula. Misonkho inakwera, ndipo m'caka ca 1901 boma linaika msonkho ndi pa shuga pomwe. Maina a asilikali akufa anasindikizidwa kosalekeza, ndipo ocuruka a iwo anafa ndi nthenda, osati ndi zipolopolo. Komabe ali yense wofunsa boma za mayendetsedwe a nkhondoyo ananenedwa kuti ali kumbali ya adani.

EMILY AMUKA KUKAONA

Leonard Courtney, phungu wa ku Cornwall, anaitana Emily kuti akhale mlembi wa gawo la akazi m'bungwe lofuna kuyanjanitsa mbali ziwirizo. M'Juni 1900 anasonkhanitsa akazi ambiri ku Queen's Hall m'London kukana cifuniro ca boma ca kumeza maiko awiri a Mabunu. Mwezi wotsatira anakalankhula ku Liskeard, pafupi ndi mudzi wace wobadwira, pamodzi ndi phungu David Lloyd George, koma khamu la anthu linasokoneza msonkhanowo ndi phokoso. Abwenzi ambiri a paubwana wace anamtaya kuyambira tsiku lomwelo.

Atamva za mabanja otenthedwa nyumba, anayambitsa thumba la ndarama zothandizira akazi ndi ana, nakwera sitima ya pamadzi, nafika ku Cape Town pa 27 Disembala 1900. Milner anamlola kuyendera misasa, koma Kitchener anamletsa kupitirira Bloemfontein kumka ku Transvaal. Anadzaza bogi limodzi la sitima ndi zakudya ndi zobvala, nafika ku Bloemfontein pa 24 Januwale 1901.

Zimene anapeza zinaposa zimene anamva. Anthu pafupifupi 2,000, ocuruka akazi ndi ana, anakhala m'mahema pacidikha copanda mtengo, nthawi ya dzuwa loopsa. Mabanja anathinana m'hema mmodzi, ambiri nagona pansi pa dothi. Sopo kunalibe, nkhuni za kuphikira zinasowa, ndipo madzi a kumtsinje anamwedwa osawiritsa. Mkaka wa makanda unasowanso. Mabanja amene amuna ao anali cimenyere nkhondo analandira cakudya cocepa koposa anzao. Motero cikuku, tayifodi, kamwazi ndi cibayo zinalowa hema ndi hema, ndipo maliro a ana anaturuka tsiku ndi tsiku.

Emily sanayambe ndi kukalipa. Analemba zosowa cimodzicimodzi, napita nazo kwa akuru a msasa: sopo, mahema ena, udzu wa kugonapo, mbiya zazikuru za kuwiritsira madzi, ndi anamwino. Zina anazilandira. Anayenderanso misasa ya Norvalspont, Aliwal North, Springfontein, Kimberley ndi Mafeking, nalemba zonse m'makalata ace. Koma pobwerera ku Bloemfontein m'Epulo anapeza anthu ataonjezeka kawiri, ndi mabogi ena odzala akazi ndi ana ali kudzabe. Apo anazindikira kuti mphatso zace zili ngati kutunga madzi ndi dengu, ndi kuti muzu wa bvutolo uli ku London. Cotero m'Meyi 1901 anabwerera kwao.

ATSINA KHUTU BOMA

Pa 4 Juni anaonana ndi St John Brodrick, nduna ya za nkhondo, namfotokozera zonse, nampatsa mapempho ace. Ndunayo inamvetsera mwaulemu, koma sinafulumire kucitapo kanthu. Pamenepo Emily anasindikiza kabuku ka zimene anaona, ndipo kanafika m'manja mwa aphungu. Anakaonananso ndi Sir Henry Campbell-Bannerman, mtsogoleri wa cipani ca Liberal cotsutsa boma, amene kufikira nthawiyo anayenda mocenjera poopa kugawanitsa cipani cace. Mau a mkaziyo anamlasa mtima, ndipo pa 14 Juni ananena pamaso pa anthu kuti nkhondoyo ili kumenyedwa m'njira zankhanza zosayenera mtundu wa anthu ophunzira. Patapita masiku atatu Lloyd George anadzutsa mlanduwo m'Nyumba ya Malamulo. Boma linapambana ndi kucuruka kwa aphungu ace, koma cinsinsi cinali citaturuka.

Emily anayendayenda m'mizinda ya England kulankhula. Kwina anamkaniza nyumba za misonkhano, kwina anamtukwana, ndipo manyuzipepala ena anamnena kuti ndi mkazi wamantha wokuza nkhani. Pofuna kutontholetsa anthu, boma linatumiza gulu la akazi kukafufuza misasa, lotsogoleredwa ndi Millicent Fawcett, amene anabvomereza nkhondoyo. Emily anamsiya kunja. Akaziwo anayendera misasa kuyambira Ogasiti kufikira Disembala 1901, napeza kuti zimene Emily ananena zinali zoona, napempha zinthu zomwezo zimene iye anapempha kale. Koma miyezi inali itatayika. M'mwezi umodzi wokha wa Okutobala anthu oposa 3,000 anafa m'misasa ya Mabunu.

M'mwezi womwewo Emily anayesa kubwerera ku South Africa. Pofika ku Cape Town pa 27 Okutobala, asilikali anamletsa kutsika. Anakana kucoka mwa kufuna kwace, ndipo patapita masiku owerengeka anamnyamula, namuika m'sitima ya asilikali yomka ku England.

Ngakhale anampitikitsa, mau ace anagwira nchito. M'Novembala Chamberlain analamula Milner kucita zonse zotheka kuti imfa zicepe. Madokotala ndi anamwino anatumizidwa, cakudya cinaonjezedwa, madzi anayamba kuwiritsidwa, ndipo pofika Febuluwale 1902 maliro anacepa kwambiri. Ici cinaonetsa kuti imfa zambiri zija zikadapeweka boma likadamva msanga.

MTENGO WA NKHONDO

Mtendere unapanganidwa ku Vereeniging, ndipo nkhondo inatha pa 31 Meyi 1902. Britain inataya asilikali ngati 22,000 ndi mapaundi oposa mamiliyoni 200. M'misasa ya Mabunu munafa anthu 27,927, ndipo oposa 22,000 a iwo anali ana osafika zaka 16.

Pali ciwerengero cina cimene cinaiwalika zaka zambiri. Anthu akuda okhala m'mapulazi otenthedwawo anatengedwanso, naikidwa m'misasa yao yapadera yoposa 60, yambiri m'mbali mwa njanji. Amuna anagwirira nchito asilikali, ndipo mabanja anauzidwa kudzilimira cakudya kapena kucigula. M'mabuku a boma munalembedwa imfa 14,154, koma mabukuwo anali osakwanira, ndipo akatswiri a mbiri apeza kuti akufa anafika 20,000 kapena kuposa. Gulu la Fawcett silinayendere misasa imeneyi. Emily nayenso nchito yace inali m'misasa ya Mabunu, ngakhale anadziwa za masautso a anthu akuda, napempha kuti ena akawaone.

ZAKA ZACE ZOTSIRIZA

Nkhondo itatha anabwerera ku South Africa m'caka ca 1903, napeza njala m'mapulazi opsa, nasonkhanitsa ndarama za ng'ombe ndi makasu olimira. M'caka ca 1905 anatsegula sukulu ku Philippolis yophunzitsa atsikana kupota ubweya ndi kuomba nsaru. Ku England nako zinthu zinatembenuka: Campbell-Bannerman anakhala nduna yaikuru, cipani cace cinapambana kwambiri pa masankho a 1906, ndipo maiko awiri ogonja aja anapatsidwanso ufulu wa kudzilamulira. Ufulu umenewo unali wa Azungu okha.

Pa 16 Disembala 1913 Mabunu anatsegula cipilala cacikuru ku Bloemfontein cokumbukira akazi ndi ana ao, naitana Emily kuti akacibvundukule. Nthenda ya mtima inamgwira panjira, nabwerera pa Beaufort West, ndipo mau ace anawerengedwa ndi munthu wina. M'mau amenewo anakumbutsa Mabunu kuti anthu akuda zikwi zambiri anafanso m'misasa pa mkangano wosakhala wao, nawacenjeza kuti asamane ena ufulu umene iwo eni anaufera. Monga anatsina khutu a mtundu wace, momwemonso anatsina khutu amene anamkonda. Cenjezo limenelo olamulira a South Africa sanalisamale, ndipo tsankho linakhazikika m'malamulo kufikira caka ca 1994.

Pa Nkhondo Yaikuru Yoyamba anakananso kubvomereza kukhetsa mwazi, ndipo itatha anakadyetsa ana a njala ku Leipzig, m'dziko la Germany. Pokalamba anali wosauka, ndipo anthu a ku South Africa anasonkha ndarama namgulira nyumba ku Cornwall. Anamwalira ku London pa 8 Juni 1926, wa zaka 66. Phulusa la mtembo wace linaikidwa patsinde pa cipilala ca ku Bloemfontein pa 27 Okutobala caka comweco, pamaso pa khamu lalikuru.

Akuru akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Pamene mtundu uli pankhondo, mau otere amveka ngati a mdani, ndipo olamulira akonda iwo amene awaombera m'manja. Koma mneneri Natani sanade mfumu Davide pamene anamuonetsa cimo lace, ndipo Emily Hobhouse sanade England pamene anawerenga manda a ana a adani ace. Anamuka yekha kukaona, sananene coposa cimene anaona, anayamba wapempha kwa akuru mwaulemu, ndipo atacedwa kumva ananena poyera, nalandira citonzo cace osabwezera. Boma linamkana, koma potsiriza linacita zimene iye anapempha, ndipo ana amene akadafa anakhala ndi moyo.