Maneckji Hataria, mkulu amene adathetsa msonkho wozunza Azoroasta ku Iran

Kwa zaka zoposa 1,000, anthu a chipembedzo cha Zoroasta m'dziko la Persia, lomwe lero timalitcha Iran, ankalipira msonkho chabe chifukwa choti sadali Asilamu. Yemwe adathetsa msonkhowu adali mkulu wina wa bizinesi wochokera ku India, dzina lake Maneckji Limji Hataria.

Chipembedzochi, chomwe adayambitsa mneneri Zarathustra, chidali cha mafumu a ku Persia mpaka m'chaka cha 651 pomwe ufumuwo udagwa m'manja mwa Aluya. Pang'onopang'ono anthu ambiri adalowa Chisilamu. Ena adawoloka nyanja n'kukakhala m'dera la Gujarat ku India, komwe adayamba kutchedwa Aparsi. Hataria adabadwa mwa anthu amenewa m'chaka cha 1813, kufupi ndi mzinda wa Surat.

Pofika nthawiyo Aparsi ambiri adali atalemera ndi malonda mumzinda wa Bombay. Mbiri ya mavuto a abale awo otsala ku Persia itawapeza, adakhazikitsa bungwe lowathandiza, ndipo m'chaka cha 1854 adatuma Hataria kuti akadzionere yekha.

Zomwe adapeza zidali zomvetsa chisoni. Atawerenga anthuwo, adapeza kuti m'dziko lonselo mudatsala Azoroasta osakwana 8,000, ambiri mwa iwo alimi osauka a m'madera a Yazd ndi Kerman.

Mzoroasta sankaloledwa kukwera hatchi, ndipo akakhala pa bulu ankayenera kutsika akakumana ndi Msilamu. Zovala zake zimayenera kukhala za mtundu wosawala kuti azidziwika patali, ndipo nyumba yake siinkayenera kutalika kuposa ya mnansi wake. Ankatengedwa ngati wodetsedwa, moti pamsika sankaloledwa kugwira zakudya. Lamulo lina limati mmodzi pabanja akalowa Chisilamu, chuma chonse cha masiye chimakhala chake, abale ake n'kutsala manja ali m'khosi.

Koma chowawa kwambiri chidali msonkho wotchedwa jizya. Otolera ankawonjezerapo zawo, ndipo wolephera kulipira ankamenyedwa. Mabanja ambiri adasiya chipembedzo cha makolo awo pothawa nkhanza zimenezi.

Hataria adayamba ndi zimene akadatha kuchita ndi ndalama za ku Bombay. Adakonzetsa akachisi a moto omwe adali atagumuka ku Yazd ndi ku Kerman, komanso adamangitsa nsanja zomwe Azoroasta amasiyapo maliro awo malinga ndi mwambo wawo. Adathandizanso mabanja osowa kukwatitsa ana awo aakazi.

Mkuluyu adaona kuti umbuli ndiwo unkawapha anthuwo, choncho adatsegula sukulu m'midzi ndi m'matauni, kuphatikizapo yogonera komweko mumzinda wa Tehran. Poyamba makolo ena ankakana, poti ana ankawathandiza kumunda ndi kubusa. Hataria adalimbikirabe mpaka sukuluzo zidadzaza.

Nkhondo ya msonkho ndiyo idatenga nthawi. Iye adakhazikika ku Tehran, likulu la dzikolo, kuti akhale pafupi ndi akuluakulu a boma. Adapalana ubwenzi ndi nduna, alembi a mabuku komanso akazembe a maiko a ku Ulaya. Popeza adali nzika ya India, yomwe inkalamulidwa ndi Britain, abwanamkubwa sankatha kungomupondereza monga ankachitira ndi eni dziko. Kwa kanthawi, bungwe la ku Bombay lidayamba kulipirira anthuwo msonkho kuti otolera asamafikenso pakhomo pawo.

M'chaka cha 1873 mfumu ya Persia, Naser al-Din Shah, itapita ku London, Aparsi a kumeneko, mmodzi mwa iwo Dadabhai Naoroji, adakaidandaulira za nkhaniyi. Komabe padapita zaka zina zisanu ndi zinayi. M'chaka cha 1882 mfumuyo idalamula kuti Azoroasta asamalipirenso jizya. Apa n'kuti Hataria atatha zaka 28 akugogoda pakhomo lomwelo.

Tsankho silidathere pomwepo, koma ana omwe adadutsa m'sukulu zake adakula n'kukhala aphunzitsi ndi amalonda, ndipo patapita nthawi Azoroasta adapeza mpando m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Kalembera wa m'chaka cha 2011 adapeza Azoroasta oposa 25,000 ku Iran.

Hataria adamwalira ku Tehran m'chaka cha 1890, kutali ndi kwawo. Mabuku akale omwe adasonkhanitsa adatumizidwa ku Bombay, komwe lero ndi Mumbai, ndipo pakachisi wamkulu wa moto ku Yazd adaikapo chosema cha nkhope yake pomukumbukira.