John Woolman, Mlaliki wa Abwenzi

Mwezi uno tifuna kukumbutsana za munthu wa ku America, dzina lace John Woolman. Iye anali wa mpingo umene anthu amati Quaker, koma eni ace amadzinena Abwenzi. Anauyamba ndi George Fox ku England ca m'ma 1650. Popembedza iwo amakhala cete pamodzi kufikira wina atamva kuti Mzimu wampatsa mau. Ndipo masiku aja analibe abusa olandira malipiro. Mlaliki, mwamuna kapena mkazi, anadya za manja ace, ndipo pofuna kuyenda ulendo wa uthenga anayamba wapempha kalata kwa abale a msonkhano wace.

Woolman anabadwa m'caka ca 1720 m'dziko la New Jersey. Ali mnyamata analowa nchito ya ulembi m'sitolo ya ku Mount Holly. Tsiku lina mwini sitoloyo anagulitsa kapolo wace, mkazi wakuda, namuuza Woolman kuti alembe kalata ya malondawo. Ndipo wogulayo anali nkhalamba ya mumpingo womwewo. Mnyamatayo analemba, pakuti cinamdzidzimutsa. Koma mtima unamtsutsa, nanena pamaso pa onse awiri kuti kusunga kapolo sikuyenerana ndi cikristu. M'zaka zotsatira anakana kulemba makalata a cuma ca masiye ogawira ana akapolo pamodzi ndi ng'ombe ndi minda, ndipo ena, pakumva cifukwa cace, anamasula akapolo ao.

Anaphunzira kusoka zobvala, ndipo malonda ace atayamba kukula anawaleka, kuti angamtsekere njira. M'caka ca 1746 anayenda ku Maryland, Virginia ndi North Carolina, naona abale ace akudya thukuta la anthu ogulidwa. Pano tizizwa naye. Sanaime pabwalo kuwanyoza, iai. Analowa m'nyumba imodzi imodzi, nakhala pansi ndi mwini nyumba, nalankhula naye mofatsa monga mbale. Koma cakudya cophikidwa ndi kapolo sanafune kucidya kwaulere: pa ulendo wa 1757 anasiya ndalama za akapolo amene anamtumikira, cinthu cimene cinacititsa manyazi omlandira ndi iye yemwe, pakuti mlendo salipira mbale wace. Pambuyo pace analeka shuga ndi nsaru zonika mu utoto, popeza zambiri za izo zinadzera m'manja a akapolo. Anthu anamseka cifukwa ca cipewa cace coyera, ndipo iye anacibvalabe.

M'caka ca 1754 anasindikiza kabuku kotsutsa ukapolo. Mu 1758 msonkhano waukuru wa Abwenzi ku Philadelphia unapangana kuti wogula kapena wogulitsa kapolo asakhalenso nao pa zokambirana za mpingo, nusankha amuna oyendera eni akapolo. Woolman anali mmodzi wa iwo.

Mu 1772 anaoloka nyanja kunka ku England, nakana cipinda cabwino ca m'ngalawa, nagona pamodzi ndi amarinyero. Kumeneko anayenda pansi, atamva kuti magareta onyamula anthu ndi makalata anazunza akavalo ndi anyamata owayendetsa. Nthomba inamgwira ku York, namwalira pa 7 October 1772, naikidwa komweko, kutali ndi mkazi wace ndi mwana wace. Zitapita zaka zinai, mu 1776, msonkhano wa ku Philadelphia unalamula kuti wokana kumasula akapolo ace acotsedwe mumpingo.