Sohn Kee-chung, katswiri amene adazolika nyimbo yafuko ikuimbidwa

Pamasewero a Olympics, mwambo wopereka mamendulo uli ndi dongosolo lodziwika. Opambana atatu amakwera pansanja, mbendera za maiko awo zimakwezedwa, ndipo nyimbo yafuko ya dziko la amene watenga golide imaimbidwa. Panthawiyi aliyense m'bwalo amayembekezeka kuimirira mwaulemu, kuvula chipewa, kuleka macheza ndi kuyang'ana mbendera. Dongosololi limayenda bwino ngati wopambanayo akuiona nyimboyo kuti ndi yakwawo. Sohn Kee-chung, katswiri wa liwiro la mtunda wautali wa ku Korea, adaimbiridwa nyimbo ya dziko limene lidalanda dziko lake.

Sohn adabadwa m'chaka cha 1912 mumzinda wa Sinuiju, m'mphepete mwa mtsinje wa Yalu umene uli m'malire a Korea ndi China. Apo n'kuti patangotha zaka ziwiri Japan italanda Korea mu 1910. Motero adakulira m'banja losauka, pansi pa ulamuliro wa atsamunda. Luso lake lothamanga lidaonekera akadali wamng'ono, ndipo lidamufikitsa kusukulu ya sekondale ya Yangjeong mumzinda wa Seoul, yomwe inkatchuka ndi anyamata aliwiro.

Pa 3 Novembala 1935 ku Tokyo, adathamanga marathon, mpikisano wa makilomita 42, m'maola awiri, mphindi 26 ndi masekondi 42. Padziko lonse padalibe amene adathamangapo mtundawu mwachangu chotere. Komabe sakadatha kupita ku Olympics m'dzina la Korea, popeza pamaso pa akuluakulu a masewerowo dzikolo lidali gawo chabe la Japan. Kuti apikisane nawo, adayenera kuvala malaya a timu ya Japan okhala ndi dzuwa lofiira pachifuwa, ndipo dzina lake lidalembedwa m'katchulidwe ka Chijapani, Son Kitei.

Mpikisano wa marathon pamasewero a ku Berlin, m'dziko la Germany, udachitika pa 9 Ogasiti 1936. Juan Carlos Zabala wa ku Argentina, amene adapambana mu 1932, adauyamba ndi liwiro lalikulu n'kuwasiya anzake kutali. Sohn sadatengeke nazo. Adathamanga modekha pamodzi ndi Ernest Harper wa ku Britain mpaka Zabala adatheratu mphamvu, kugwa, kenaka n'kusiyira panjira. Sohn adafika woyamba m'maola awiri, mphindi 29 ndi masekondi 19, nthawi imene idali isanafikidwepo pa Olympics. Harper adakhala wachiwiri, ndipo wachitatu adali Nam Sung-yong, mnyamata winanso wa ku Korea wovala malaya a Japan.

Pansanja ya opambana, mbendera ya Japan idakwezedwa ndipo nyimbo yafuko ya dzikolo, Kimigayo, idaimbidwa. Sohn adaimirira monga mwa lamulo. Sadachoke pansanjapo, sadayankhule, sadasokoneze mwambo. Iye pamodzi ndi Nam adangoweramitsa mitu osayang'ana mbenderayo. Chaka chimenecho wopambana aliyense ankapatsidwa mbande ya mtengo wa oak, ndipo Sohn adaigwira yakeyo pachifuwa, masamba ake n'kuphimba dzuwa lofiira lija. Nam, amene sadalandire mbande, adalibe chobisira chizindikirocho.

Kwa ambiri amene adali m'bwalomo, kuweramako kukadatha kuoneka ngati ulemu kapena kutopa. Anthu a ku Korea adamva tanthauzo lake, ndipo mwiniwake adafotokoza pambuyo pake kuti chidamuzolikitsa ndi manyazi ndi mkwiyo. Ngakhale kunja kwa bwalo sadabise mtima wake. Akapemphedwa kusaina, ankalemba dzina lake m'zilembo za Chikoreya, nthawi zina n'kujambula mapu a Korea pambali pake, ndipo ankauza atolankhani kuti kwawo ndi ku Korea.

Nkhaniyi idakula itafika kumudzi. Pa 25 Ogasiti 1936, nyuzipepala ya Dong-A Ilbo ya ku Seoul idasindikiza chithunzi cha Sohn ali pansanja, koma itafufuta mbendera ya Japan pamalaya ake. Boma la atsamunda lidamanga anthu asanu ndi atatu okhudzidwa ndi ntchitoyo ndipo lidatseka nyuzipepalayo kwa miyezi isanu ndi inayi. Sohn atabwerera, apolisi ankamulonda paliponse poopa kuti anthu angamusandutse mtsogoleri wa gulu lofuna ufulu. Adakachita maphunziro payunivesite ya Meiji ku Tokyo, koma mipikisano yake idathera pomwepo, ali ndi zaka 24 zokha.

Japan itagonja pankhondo yachiwiri ya padziko lonse mu 1945, Korea idamasuka koma idagawika pawiri. Sinuiju idakhala kumpoto, pamene Sohn adakhazikika kummwera n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata. Mu 1947 wophunzira wake Suh Yun-bok adapambana marathon ya ku Boston, ku America, m'maola awiri, mphindi 25 ndi masekondi 39, kuposa nthawi ya mphunzitsi wakeyo imene idakhala zaka pafupifupi khumi ndi ziwiri osaposedwa. Mu 1950 Ham Kee-yong adapambananso ku Boston, ndipo wachiwiri ndi wachitatu adalinso a ku Korea. Pamasewero a Olympics a ku London mu 1948, Sohn ndiye adanyamula mbendera ya Korea polowa m'bwalo.

Ulemu waukulu udamupeza atakalamba. Pa 17 Sepitembala 1988, potsegulira masewero a Olympics ku Seoul, nkhalamba ya zaka 76 idalowa m'bwalo ikuthamanga ndi kudumpha mwachimwemwe, muuni wa masewerowo uli m'manja. Pa 9 Ogasiti 1992, patatha zaka 56 ndendende chipambanireni ku Berlin, Sohn adali m'bwalo ku Barcelona pamene Hwang Young-cho wa ku South Korea adapambana marathon, wachiwiri ali Koichi Morishita wa ku Japan. Nyimbo yafuko imene idaimbidwira wopambana ulendo umenewo idali yakwawo.

Mkangano wa khalidwe loyenera nyimbo yafuko ikamaimbidwa sudathere pa iye. Mu 1968 ku Mexico City, Tommie Smith ndi John Carlos a ku America adakweza zibakera pansanja podandaula za tsankho, ndipo adachotsedwa pamasewerowo. Mpaka lero malamulo a Olympics amaletsa kuonetsa maganizo andale pamwambo wopereka mamendulo. Lamulo lotere limatha kuimiritsa munthu ndi kumukhalitsa chete, monga momwe Sohn adachitira ku Berlin. Koma ulemu weniweni wa nyimbo yafuko umachokera mumtima wa munthu amene akuona kuti dziko loimbiridwalo ndi lake ndipo limamuwerengera.

Sohn adamwalira pa 15 Novembala 2002 ali ndi zaka 90, ndipo adaikidwa kumanda a ngwazi za dziko ku Daejeon. Malo amene padali sukulu yake ya Yangjeong ku Seoul tsopano ndi paki yotchedwa dzina lake, ndipo pomwepo pali mtengo waukulu wokumbutsa chipambano cha ku Berlin. Bungwe loyendetsa Olympics lidavomereza kuti iye adali wa ku Korea, koma m'mabuku ake mendulo yagolide ya marathon ya mu 1936 imawerengedwabe kuti ndi ya Japan.