PANDITA RAMABAI WA KU INDIA NDI NYUMBA YAKE YA MUKTI

Amayi anzanga, mwezi uno tione za moyo wa Pandita Ramabai, amene anabadwa ku India m'chaka cha 1858 m'banja la Chihindu la mtundu wa ansembe, otchedwa Brahmin. Bambo awo, Anant Shastri Dongre, anachita zachilendo pa nthawiyo: anaphunzitsa mkazi wawo Sanskrit, chiyankhulo cha mabuku opatulika, ndipo mayiwo anaphunzitsa mwana.

M'mabuku amenewo muli chiphunzitso chozama cha gwero la masautso. Amati muzu wake ndi umbuli, pamene munthu ayesa kuti thupi ndi zofuna zake ndiwo iye mwini. Umbuli ubala chilakolako, chilakolako chibala ntchito, ndipo ntchito iliyonse, yabwino kapena yoipa, ili ndi chipatso chake chimene amati karma. Chipatsocho chimkoka munthu kuti abadwenso, nafenso, nabadwenso. Kumasuka ku goli limeneli ndiko mukti kapena moksha.

Banja lonse linkayenda pansi kumka ku malo opatulika kufunafuna madalitso, mpaka njala ya m'ma 1870 inapha bambo ndi mayi. Ramabai anatsala ndi mlongo wawo. Atafika ku Calcutta mu 1878, akatswiri anawayesa mayeso nazizwa, nawapatsa dzina loti Pandita, kutanthauza wophunzira kwambiri. Kumeneko anawerenga mabuku a malamulo a Chihindu, napeza kuti ambiri amagwirizana pa chinthu chimodzi: mkazi sangapeze mukti payekha, koma popembedza mwamuna wake. Tisaiwale kuti analipo aphunzitsi ena a Chihindu amene ankati aliyense wokonda Mulungu angamasuke, koma m'makomo lamulo lolimba lija ndilo linkagwira ntchito.

Wovutika kwambiri anali wamasiye. Atsikana ankakwatiwa ali ana, ndipo mwamuna akamwalira anthu ankati ndi karma ya mkaziyo, tchimo la m'moyo wake wakale. Ankametedwa mpala, kudya kamodzi patsiku, osaloledwa kukwatiwanso. Kamwana ka zaka 9 kotere kakadandaule kwa yani, poti onse akuti kakukolola zake zomwe? Ramabai anazilawa okha. Anakwatiwa mu 1880, ndipo mu 1882 mwamuna wawo anamwalira ndi kolera, nthenda yomwe ife anamwino tikudziwa kuti ingathe kutenga munthu wamphamvu tsiku limodzi. Anatsala ndi khanda, Manorama.

Mu 1883 anapita ku England kuti akaphunzire udokotala, koma vuto la kusamva bwino linawalepheretsa. Anakhala ndi masisitere a Anglican ku Wantage, nabatizidwa chaka chomwecho. Chinawagwira mtima ndi mmene masisitere ankalandirira akazi otayidwa ndi anthu, komanso nkhani ya mkazi wa ku Samariya pa Yohane 4. Sanali nkhosa yongotsatira ayi. Ankatsutsana ndi masisitere ndi ansembe pa ziphunzitso zina, ndipo ine sindiwaweruza. Munthu wothawa goli lina sathamangira kuika khosi m'goli latsopano.

Atabwerera kwawo anatsegula sukulu ya amasiye ku Bombay mu 1889. Njala itagwanso mu 1896, anayenda m'midzi kutola atsikana ndi amasiye ongotsala mafupa, nawasonkhanitsa pa munda wa ku Kedgaon pafupi ndi Pune. Malowo anawatcha Mukti, liwu lomwe lija la m'mabuku a bambo awo. Pofika 1900 panali anthu oposa 1,500, akuphunzira kuwerenga, kuluka nsalu, kulima ndi kusindikiza mabuku.

Zaka zawo zomaliza anathera pomasulira Baibulo m'chiyankhulo cha Marathi kuchokera ku Chihebri ndi Chigiriki. Manorama anamwalira mu 1921, ndipo mayi ake anamtsatira pa 5 April 1922, atangotsiriza ntchitoyo. Mpingo wa Anglican ku England umawakumbukira pa 30 April.