Fabre: katswiri yemwe adaphunzira za tizilombo pakhomo pake

Akatswiri ambiri a nthawi yake ankapha tizilombo n'kutibaya ndi singano kuti tisungike m'mabokosi. Jean-Henri Fabre, mphunzitsi wa ku France, ankafuna kutiona tili moyo.

Fabre adabadwa mu 1823 m'banja losauka m'mudzi wa Saint-Léons, ndipo zambiri za sayansi adachita kudziphunzitsa yekha. Ali mphunzitsi ku Avignon, adakwiyitsa akuluakulu ena pophunzitsa atsikana sayansi m'makalasi a madzulo. Mu 1870 ntchito idamuthera ndipo adathamangitsidwa m'nyumba ya lendi. Chidamupulumutsa ndi ngongole yomwe mnzake John Stuart Mill adamupatsa.

Mu 1879 adagula malo ouma ndi amiyala ku Sérignan, n'kuwatcha Harmas. Ngakhale mlimi sakadawasirira, malowo adali odzaza ndi mavu, njuchi, nyenje ndi akangaude. Ankatha maola ambiri padzuwa, maso ali pansi, akulemba zomwe akuona.

Tsiku lina mbozi zomwe zimayenda pamzere zidakwera pakamwa pa mphika wa maluwa. Fabre adazidulira njira yotsikira, ndipo zidazungulira pomwepo masiku 7, iliyonse ikutsata inzake.

Zonsezi adazilemba m'mabuku 10 otchedwa Souvenirs entomologiques, omwe adatuluka pakati pa 1879 ndi 1907. Mwana wake Paul adajambula zithunzi za tizilomboto, zomwe zidalowa m'mabukuwo atasindikizidwanso.

Fabre adamwalira pa 11 Okutobala 1915 ali ndi zaka 91. Lero Harmas ndi malo osungirako mbiri, ndipo alendo amayenda m'munda momwe iye ankagwada.