Edward Weston

Edward Weston (9 Meyi 1850 – 20 Ogasiti 1936) anali katswiri wa kemisitiri ndi zamagetsi amene anabadwira ku England koma anagwira ntchito yake ku United States. Amadziwika kwambiri chifukwa cha batire la muyezo lotchedwa ndi dzina lake, lomwe mayiko analivomereza mu 1911 kuti likhale muyezo wa volteji. Anapanganso mamita oyezera magetsi otha kunyamulika, komanso zitsulo ziwiri zosakaniza zotchedwa constantan ndi manganin. Ntchito zake zambiri zinkalimbana ndi vuto limodzi: kupeza choyezera magetsi chomwe sichisinthasintha kukatentha kapena kukazizira.

Ubwana ndi kusamuka kwake

Weston anabadwira m'tawuni ya Oswestry, m'dera la Shropshire ku England. Poyamba anaphunzira zaudokotala, koma mtima wake unali pa kemisitiri. Mu 1870, ali ndi zaka 20, anasamukira ku New York, kumene anapeza ntchito yokuta zitsulo ndi chitsulo china, monga nickel, pogwiritsa ntchito magetsi.

Nthawi imeneyo ntchitoyi inkadalira mabatire, omwe mphamvu yake inkachepa pang'onopang'ono ntchito ili mkati, ndipo zokutidwazo sizinkatuluka mofanana. Weston anayamba kupanga madayinamo oti alowe m'malo mwa mabatire. Mu 1875 anasamukira ku Newark, m'chigawo cha New Jersey. Kumeneko anayambanso kupanga nyale zamagetsi, ndipo nyale zake ndi zomwe zinaikidwa pa mlatho wa Brooklyn Bridge, womwe unatsegulidwa mu 1883.

Mamita ndi zitsulo zosakaniza

Poyesa madayinamo ake, Weston anaona kuti zoyezera magetsi za masiku amenewo zinali zosadalirika ndipo zambiri zinkagwira ntchito mu labotale mokha. Mu 1888 anakhazikitsa kampani yopanga zoyezera magetsi ku Newark. Mita yake inali ndi kakoyilo kopepuka ka waya kamene kamazungulira pakati pa maginito osatha mphamvu, n'kumasuntha muvi woloza manambala. Inali yolimba moti wogwira ntchito ankatha kuinyamula kupita nayo kufakitale.

Komabe panali vuto la waya. Waya wa kopa ukatentha umavuta kudutsamo magetsi, ndipo kuvutako kumakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Motero mita yolondola m'chipinda chozizira inkanama ikakhala pafupi ndi injini yotentha. Weston anayesa kusakaniza zitsulo zosiyanasiyana mpaka anapeza constantan, yomwe ndi kopa ndi nickel, komanso manganin, yomwe ndi kopa wambiri, manganese ndi nickel pang'ono. Waya wa zitsulozi umasintha pang'ono zedi pa kutentha kwa m'chipinda, ndipo manganin akugwiritsidwabe ntchito m'zoyezera magetsi mpaka lero.

Batire la Weston

Monga mmene sikelo imafunikira mwala wodziwika kulemera kwake, choyezera volteji chimafunika volteji yodziwika yoti chiziyerekezera nayo. Weston asanapange batire lake, akatswiri ankadalira batire la Latimer Clark la m'zaka za m'ma 1870, lomwe linali ndi zinki ndi mercury. Linkatulutsa mavolt pafupifupi 1.434 pa madigiri 15, koma kutentha kukakwera ndi digiri imodzi yokha, volteji yake inkatsika ndi millivolt yoposa imodzi. Millivolt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt.

Weston anachotsa zinki n'kuikamo cadmium, ndipo mu 1893 analandira chiphaso cha umwini wa lusoli. Batire lake ndi kabotolo kagalasi kooneka ngati chilembo cha H. Pansi pa mwendo umodzi pamakhala mercury wokutidwa ndi phala la mercurous sulfate, pansi pa mwendo winawo pamakhala cadmium wosakaniza ndi mercury, ndipo miyendo iwiriyi imalumikizidwa ndi madzi osungunuliramo cadmium sulfate. Limatulutsa mavolt pafupifupi 1.018 pa madigiri 20.

Batireli lili m'mitundu iwiri. Mtundu womwe uli ndi timiyala ta cadmium sulfate totsalira osasungunuka umasunga volteji yake kwa zaka zambiri, ndipo umasintha ndi mamicrovolt pafupifupi 40 pa digiri iliyonse. Microvolt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a volt, choncho kusinthaku n'kochepa pafupifupi maulendo 30 poyerekeza ndi kwa batire la Clark. Mtundu wopanda timiyalati sutekeseka kwenikweni ndi kutentha, koma volteji yake imatsika pang'onopang'ono zaka zikamapita, motero umafunika kuuyezanso nthawi ndi nthawi.

Batire la Weston silinali loyatsira nyale kapena kuyendetsera makina. Likangotapidwa magetsi, ngakhale ochepa, volteji yake imagwa ndipo imatenga nthawi kuti ibwerere. Pa chifukwachi, akatswiri ankalilumikiza kwa kanthawi kochepa pa chipangizo choyerekezera mavolteji awiri, n'kumasintha volteji inayo mpaka muvi utasonyeza kuti palibe magetsi amene akudutsa. Malabotale a boma ankasunga mabatirewa m'magulu, m'malo amene kutentha kwake sikusintha.

Msonkhano wa mayiko umene unachitikira ku London mu 1908 unasankha batireli, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 1911 anagwirizana kuti volteji yake ndi mavolt 1.0183 pa madigiri 20. Litavomerezedwa, Weston anasiya ufulu wake wa umwini kuti aliyense azitha kulipanga.

Ulemu ndi imfa yake

Weston anali pulezidenti wa bungwe la American Institute of Electrical Engineers kuyambira mu 1888 mpaka mu 1889. Analinso m'gulu la oyang'anira oyamba a sukulu ya luso ya ku Newark, yomwe pano ndi New Jersey Institute of Technology. Analandira mendulo ya Perkin mu 1915 ndi ya Franklin mu 1924. Anamwalira ku Montclair, New Jersey, ali ndi zaka 86, atalandira ziphaso za umwini zoposa 300 ku United States.

Vuto lomweli m'zipangizo zamakono

Masiku ano muyezo wa volt sudaliranso batire. Kuyambira mu 1990 mayiko amatsata njira yochokera pa zimene Brian Josephson anatulukira mu 1962 zokhudza zitsulo zozizizitsidwa kwambiri. M'zipangizo wamba, ntchito ya batire la Weston imagwiridwa ndi madayodi a Zener kapena tizipangizo ta bandgap, monga LM113 ya Bob Widlar ya mu 1971, yomwe imatulutsa mavolt pafupifupi 1.2.

Komabe zovuta ziwiri zimene ogwiritsa ntchito batire la Weston ankakumana nazo, kutentha ndi kutapa magetsi, zidakalipo. Zimaonekera bwino mu ADC, kachipangizo kamene kamasintha volteji kukhala manambala oti kompyuta iwerenge. Kamapezeka m'mafoni, m'makamera ndi m'makina a m'zipatala. ADC imayerekezera volteji yolowa ndi volteji ya muyezo, ndipo muyezowo ukasuntha, manambala onse amalakwika. ADC ya mabiti 16 imagawa muyezo wake m'masitepe 65,536. Ngati muyezowo ndi mavolt 2.5, sitepe iliyonse ndi mamicrovolt pafupifupi 38, pafupifupi ofanana ndi mmene batire la Weston limasinthira pa digiri imodzi.

ADC yothamanga kwambiri imayeza kambirimbiri, mwina maulendo mamiliyoni pa sekondi, ndipo m'mitundu yambiri timakapasita ta m'kati mwake timatapa magetsi mwadzidzidzi kuchokera ku muyezo nthawi iliyonse ikamayeza. Volteji imagwa pang'ono, ndipo ikapanda kubwerera msanga, nambala yotsatira imalakwika. Pofuna kupewa zimenezi, okonza zipangizo amaika kachipangizo kotchedwa buffer pakati pa muyezo ndi ADC, amaika makapasita osungira magetsi pafupi kwambiri ndi miyendo ya ADC, ndiponso amatalikitsa muyezowo ndi zigawo zotentha. Lamulo lake ndi lomwe linkatsatidwa pa batire la Weston: chopereka muyezo chisasenzetsedwe katundu, ndipo kutentha kwake kusasinthesinthe.