WODALA IRENE STEFANI, MAI WACIFUNDO

Sisteri Irene anabadwa pa 22 Ogasiti 1891 m'mudzi wa Anfo, ku Italy. Mudziwo uli m'mbali mwa nyanja, monga momwe iliri midzi yathu ya ku Metangula ndi ku Cóbuè. Dzina lake la paubwana linali Mercede. Mai ake anamwalira iye akali mtsikana, ndipo nchito yolera azing'ono ake inagwera iye. Cisoni cimeneci cinamphunzitsa kupemphera ndi kusamala anzake.

Mu 1911 analowa cipani ca Asisteri a Consolata ku Torino, cimene anayambitsa Yosefe Allamano Woyera. Mu 1915 anafika ku Kenya, nkhondo yaikulu yoyamba ili mkati.

Pa nkhondoyo anthu akuda ambirimbiri anagwidwa kuti akhale amtengatenga a asilikali. Njala, malungo ndi kamwazi zinawatha. Sisteri Irene anatumidwa ku zipatala zao ku Voi, Kilwa, Lindi ndi Dar es Salaam. Mankhwala anali ocepa, odwala osawerengeka, ndipo fungo la zilonda linkathawitsa anthu. Iye ankatsuka zilondazo, kumwetsa madzi amene analibe mphamvu zodzuka, ndi kukhala pambali pa anthu akufa kutali ndi kwao. Amene ankafuna, anawaphunzitsa za Ambuye Yezu nawabatiza. Kuletsa nkhondo sakanatha, koma m'munthu aliyense wogona pansi ankaona Khristu wopacikidwa, ndipo cikhulupiriro cake cinakula pakati pa misozi yomweyo.

Kuyambira mu 1920 anakhala pa misyoni ya Gikondi. Ankaphunzitsa ana sukulu ndi katekisimu, nayenda pansi m'mapiri kukazonda odwala, usana ndi usiku. Akikuyu anamucha Nyaatha, ndiye kuti mai wacifundo. Mu 1930 kunagwa mliri woopsa. Posamala mphunzitsi wina amene anali kufa nao, iyenso anatenga nthendayo. Anamwalira pa 31 Okutobala 1930, ali ndi zaka 39.

Kuno ku Niassa timamdziwa cifukwa ca zimene zinacitika ku Nipepe, m'dayosizi yathu ya Lichinga. Mu Januwale 1989, pa nkhondo ya paciweniweni, akatekisiti ndi mabanja ao pamodzi ndi anthu ena ambiri anatsekeredwa m'nyumba ya Mulungu masiku angapo, opanda potunga madzi. Anapempha Sisteri Irene kuti awapempherere, namamwa madzi ocepa a m'cobatiziramo. Madziwo sanaphwe mpaka onse anatuluka. Eklezia anafufuza nkhaniyi nabvomereza kuti ndi cozizwitsa, ndipo pa 23 Meyi 2015 ku Nyeri Irene anachulidwa Wodala.

Inu amene mukukonzekera Ubatizo, musayese kuti Mkhristu sadwala, safedwa, kapena kuti mwera suphwanya bwato lake. Dziko lino ndi lamabvuto, ndipo Ubatizo sutichotsamo. Umatipatsa caulere ca Mulungu kuti tisenze mtanda pamodzi ndi Yezu. Msodzi amadziwa kupalasa cifukwa ca mafunde. Musadikire kuti mabvuto athe kaye kenaka mucite zabwino. Wodwala amene ali pakhomo loyandikana nanu ndiye poyambira.

MAFUNSO
1. Sisteri Irene ankaona yani mwa odwala?
2. Dzina loti Nyaatha litanthauza ciyani?
3. Kodi Ubatizo umatithandiza bwanji pa mabvuto?
4. Ndani m'mudzi mwanu amene mungakamzonde sabata ino?